Atitengera kokaona mabwinja

Yohane mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi adzukulu anga. Ine kuno ku Sheffield ndilipo, mawondo okhawa ndiwo akuvuta.

Loweruka mlongo wako ananditenga pa ulendo wa basi wotchipa, ati tikaone malo otchuka. Ine n'kutchena zovala za Lamulungu. Kufika uko, mabwinja okhaokha! Tchalitchi chilibe denga, mvula ikungotinyowetsa, wotiperekeza akutithamangitsa ngati mbuzi. Ena akudyera buledi pamanda, opanda ndi manyazi omwe.

Ndinafunsa mlongo wakoyo kuti eni ake ali kuti. Akuti, "Amayi, anangochisiya, chinagumuka chokha."

Pomwepo mtima unathamangira kunyumba yanga yodontha ija kumudziko. Ukhome malata amene unalonjeza mvula isanagwe. Sindifuna kudzapeza azungu akujambula bwinja langa.

Ambuye akusunge.

Ndine amayi ako