Mphero Aitembenuza Lachisanu

Okondedwa achimwene a Zahir,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Iran, mumzinda wa Mashhad, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Mphepo ya chilimwe yayamba, mphesa zabereka, kungoti mayi sakudya bwino.

Nkhani ndi ya chigayo cha mphepo cha agogo pachitunda paja. Chibwerereni chigayo cha dizilo, chathuchi sichinazungulirenso. Mabango okola mphepo aja anatha, pangotsala khoma ndi mphero yapansi. Tsopano a Qurban, oyandikana nafe aja, akuti malowo ndi akwawo, amangapo sitolo.

Ine mtima unandipsa. Ndinati, "Inu tirigu wanu munkagayitsa kwa yani?"

Anangoseka. "Mwana iwe, usatalikitse nkhani. Womanga chigayo amasema dzina lake kunsi kwa mphero. Tiitembenuze tione."

Akuluakulu a kumzikiti avomera. Ine ndinakondwa, poti dzina la agogo lilipo, aliyense akudziwa. Koma nditawauza mayi, kapu ya tiyi inawapulumuka m'manja. Anati, "Asiyireni malowo, bola mwalawo usasunthe." Nditafunsa chifukwa, anangoti, "Lembera mkulu wako."

Ndiye ndalemba. Ine ndinali wakhanda, koma inu munalipo pomwe malemu bambo ankakhazikanso mpheroyo, sabata imene bambo athu aang'ono, a Nemat, anachoka osatsanzika, aja timati ali ku Iran koma sanalembepo kalata. Sindikufunsani kanthu, achimwene. Koma zaka zonse mwakhala kumenekozi, munakumanapo nawo?

Aitembenuza Lachisanu tikatuluka m'mapemphero.

Ndine mng'ono wanu,
Sakhi