Gologolo wa ku Cuamba

Lolemba, 5 Setembro 1994

Wandilumanso. Chala chomwe chija, pamwamba pa bala la dzana. Ndimangofuna kumuikira madzi m'kachitini kake, iye n'kutumphuka m'kabokosi kake, mano ngwe! Magazi mpaka pa kapulana, chitenje changa.

A Gervásio pobwera koumba njerwa sanayambe ndi chala changa. Anayamba kugwada pa khola. "Menina, wakukwiyitsa ndani?" Kenako Chimakuwa chambirimbiri, chapansipansi. Ine Chimakuwa sindimva. Zaka zisanu ndi ziwiri ine ndili ku kampu ku Malawi, iwo ali pa ntchito ya njanji ku Cuamba, ndiye abwerako ndi chilankhulo chatsopano ndi gologolo. Mkazi wawo ndine, koma chibwerere changa kuno ku Mandimba mawu ofewa otere sanandilankhulepo.

Lachiwiri, 6 Setembro

Khoma lafika m'chiuno. Tikugonabe pansi pa lona ija ndinabwera nayo kuchokera ku kampu. Pamalo pathu ponse pano lata ndi limodzi lokha, ndipo lili pamwamba pa khola la gologolo.

Lachinayi, 8 Setembro

Zanyanya. Kuyambira m'mawa ali zungulire zungulire m'kholamo, mchira njenjenje, kulira kosalekeza, kutafuna waya. Mtedza sakudya, akungoubisa pansi pa masamba n'kumaulondera. Ukangodutsa pafupi akudziponya pa waya. Mu mtengo wa mango muli wina amene akumuyankha.

Ndinati, "Bambo a Nádia, chinyamachi mungochitsegulira chizipita kwa anzake."

Akuti sangapulumuke. Akuti anamutola maso asanatsegule, tsiku limene asilikali ankagwetsa mitengo m'mbali mwa njanji, ndiye tchire salidziwa, kabawi angamutole tsiku lomwelo. "Tinkamumwetsa mkaka ndi kansalu, kadontho kadontho."

"Munkamumwetsa ndi ndani?"

Anatola chikombole n'kubwerera ku dothi.

Lachisanu, 9 Setembro

Ku mjigo. Ndinangofunsa mayi Ernestina mongocheza, poti amuna awo amayendetsa kamiyau, lole ya ku Cuamba. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti amayesa ndikudziwa kale. A Gervásio anali ndi mkazi kumeneko, dzina lake Felizarda. Amagulitsa shuga ndi sopo pafupi ndi siteshoni. "Koma mana Balbina, inali nkhondo. Ankamva kuti inu munafera panjira."

Ndinasenza ndowa yosadzaza. Inali nkhondo kwa ine ndemwe. Kodi ku kampu kunalibe amuna?

Loweruka, 10 Setembro

Sindinawalankhule tsiku lonse. Sanazindikire n'komwe.

Lamulungu, 11 Setembro

Titabwera ku Misa anati andionetse kuti Menina alibe vuto, vuto ndi ine, ndimamudzidzimutsa. Analowetsa dzanja lonse akuimba kaluzu. Menina anawagwira pa tsinde la chala chachikulu osasiya. Anatulutsa dzanja iye ali lende, mpaka anachita kumukutumulira m'kholamo.

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka mpaka kukhala pansi. Kenako ndinang'amba nsalu n'kuwamanga. Bala lake ndi lakuya, mnofu woyera ukuoneka. Pomwe ndimamanga iwo maso ali ku khola, akuti mwina wavulala pogwa.

Lachiwiri, 13 Setembro

Dzanja latupa ngati papaya. Ku posto, kachipatala kathu, awabaya jakisoni, akuti asagwire dothi masabata awiri. Njerwa zatsala zambiri ndipo mvula sidikira munthu.

Pobwerera, tili pa njira, anangoti, "Izi zinachitikaponso chaka chatha. Felizarda ndi amene anadziwa chochita. Loweruka akubwera kudzagula katundu ku malire, ndatumiza mawu kuti adzadutse kuno."

Dzinalo analitchula ngati akupempha madzi akumwa. Osandiuza kuti ndi ndani. Osandifunsa. Ndinayenda patsogolo mpaka kunyumba.

Lachinayi, 15 Setembro

Iwo anapita kukasinthitsa bandeji. Ndinaima pa khola dzanja lili pa kawaya kotsekera. Kungokoka basi, n'kudzanena kuti watsegula yekha. Loweruka mkazi uja n'kudzapeza khola lopanda kanthu.

Sindinakoke. Osati chifundo ayi. Ndinaganiza kuti akathawa, awiriwo adzakhala ndi maliro awoawo, ine n'kukhala wakupha.

Ndinamuyang'anitsitsa koyamba. Waonda. Kukamwa kwachita zilonda ndi waya uja. Wa mu mango akalira, iye amakwera mpaka ku denga n'kugwa, kukweranso n'kugwa.

Lachisanu, 16 Setembro

Ndasesa bwalo kawiri. Ndachapa kapulana yobiriwira. Ndikudzida.

Loweruka, 17 Setembro

Wabwera dzuwa lili pamutu, kathumba ka shuga pamutu.

Sabata yonse ndimaona m'maganizo mtsikana woyera, wa tsitsi lowongola, wa nsapato zazitali. Wabwera mayi wamfupi, wondiposa mwina ndi zaka, wotsimphina mwendo wamanzere, mano awiri apatsogolo palibe. Zandipweteka koposa. Akanakhala wokongola ndikanadziwa chimene anatsata.

Anagwada pondipatsa moni. "Mana Balbina, mwaswera bwanji?" Chinyanja chake chopindikapindika. Kwa a Gervásio anapereka moni wa patali ngati wa kwa apongozi. Iwo anangoti chilili, osadziwa poika dzanja lomangalo.

Pa khola sanalankhule ndi iwo, analankhula ndi ine. Akuti si misala, si ufiti, ndi nyengo yake, akufuna wamphongo. Zimabwera n'kupita, ndipo zikafika sadziwa mbale. Dzanja m'khola ayi, ngakhale la amene anamulera. Chakudya ndi madzi tizipereka pa chipande cha mpini wautali, pa kakhomo kam'mbali. Anandituma thumba lakale, tinaphimba mbali zitatu. Tinanyamula khola tonse awiri, iye uko ine uku, kulichotsa pafupi ndi mango kupita kuseri kwa mulu wa njerwa. Anakokolola mtedza wonse wobisidwa ndi kamtengo, akuti akakhala ndi nkhokwe ukali umawirikiza. Anaponyamo chitsononkho ndi nthambi yaiwisi ya bwemba kuti mano apeze ntchito. Akutinso ndisamayandikire nditangosamba ndi sopo wonunkhira.

Akumangirira thumba, dzanja linagunda waya. Menina anamupeza pa chala.  Iye anangoyamwa chalacho n'kuseka. "Mwaona? Ngakhale ine amene ndinkagona naye pachifuwa."

Ndinayamba kumasuka pang'ono. Ndinamupatsa mpando, ndinaphika tiyi. Ndiye akumwa anayang'ana dzanja la a Gervásio, osaligwira, n'kufunsa kuti awabaya mankhwala anji. Atamuuza anaika kapu pansi. "Aja anakutulutsani zidzolo thupi lonse aja? Simunawauze?" Anatembenukira kwa ine. "Mana, muziwayang'ana kumsana. Zikayamba, abwerere ku posto msanga."

Ndinawavula malaya pomwepo. Zidzolo mbwee, msana wonse. Ine ndimagona pambali pawo masiku onsewa osaziona.

Ndinawaperekeza ku posto, anawasinthira mankhwala. Felizarda anakagona kwa mayi Ernestina.

Lamulungu, 18 Setembro

A Gervásio anavala nsapato kuti amuperekeze ku kamiyau. Ndinati, "Khalani, dzanja lanu. Ndipita ndine."

Ndinamusenzera shuga. Tinayenda mpaka pa sitolo yowotchedwa pa nkhondo. Kenako ndinafunsa.

"Zaka zingati?"

"Zinayi."

"Ana?"

"Mulungu sanandipatse. Ndi chifukwa chake kanyama kaja."

Akuti tsiku limene anamva kuti ine ndi mwana wathu Nádia tili moyo, a Gervásio anakhala pa khomo osadya, m'mawa mwake n'kuyamba kumanga katundu. Iye sanawaletse. Khola anawasenzetsa yekha, chifukwa Menina ankalira madzulo alionse nthawi yoweruka ku njanji, ndipo iye sakanatha kumamva zimenezo ali yekha.

Ndinati, "Mukuwafunabe?"

Ndimayesa akana, ndimutche wabodza mumtima, zithere pomwepo. Anati, "Eya."

Anakwera movutikira chifukwa cha mwendo, ndinachita kumukankha kumbuyo. Ali pamwamba pa matumba anati kunyumba kwathu sadzafikanso, ndipo zikadzayambiranso ndikudziwa kale chochita. Fumbi. Ndinaima mpaka kamiyau inakhota.

Kunyumba anandifunsa kuti wakwera bwino. Ndinati wakwera.

Lolemba, 19 Setembro

Zidzolo zikuuma. Menina wagona pafupifupi tsiku lonse. Chitsononkho wachimaliza.

Felizarda akuwafunabe. Ananena yekha, pamaso panga, osaphethira.

Lachitatu, 21 Setembro

Lero Menina walandira nthochi pa chipande osalumpha. Anaigwira ndi timanja take n'kumadya akundiyang'ana. Wa mu mango sanamveke.

Njerwa ndayamba kuumba ndekha. Ndinamanga kapulana m'maondo n'kulowa m'dzenje kuponda dothi. Iwo anakhala m'mphepete, dzanja pachifuwa, kumandiuza kuti madzi achuluka, madzi achepa.

Ndinati, "Zaka zinayi. Wandiuza yekha."

 Anayamba zoti inali nkhondo. Ndinati zimenezo ndamva kale ku mjigo. "Ndikufuna zonse, bambo a Nádia. Munakumana kuti, ankakuphikirani chiyani, munkaseka chiyani. Muyambe ndi tsiku loyamba."

"Zikupweteka, Balbina."

"Zikundipweteka kale."

Anayamba. Sitima itaphulitsidwa, iwo atagona malungo m'chipinda cha pa siteshoni, mayi wina wogulitsa sopo n'kubwera ndi phala. Ine ndimangoponda. Pena mawu amawathera, ndimati pitirizani. Pena ndimafuna kuwagenda ndi dothi lomwelo. Pa Khirisimasi yawo yoyamba analira, ine sindinawatonthoze, koma sindinatulukenso m'dzenjemo.

Tafika pa chaka chachiwiri. Ndawauza aime kaye pomwepo, njerwa zikutuluka zokhota. Asendera pafupi, agwira chikombole ndi dzanja lawo labwinolo, ine ndikuthira dothi.