Ndime Yanu Ili Pansi pa Kapu

Bambo a mwana,

Ndathamangira kusukulu, atiitana kukayeserera mwambo wa mawa. Mkulu wa sukulu wawerenga mawu amene ndikalankhule m'malo mwa anzanga omaliza maphunziro a zamalamulo. Akuti masamba asanu achuluka, wandipatsa mphindi zitatu basi. Ndiye ndadula zambiri, ndipo ndime yokuthokozani inu yapita nawo. Ya amayi anu ndaisiya momwemo, poti atilerera mwanayu zaka zinayi ndipo akakhala mpando wakutsogolo. Pepani, apilo palibe.

Amayiwo mukawatenge kudepoti masana. Mundisitirenso mkanjo, koma simbi isatenthe kwambiri, ndi wobwereka.

Ndime yanuyo ndaidula ndi sizasi, ili patebulo pansi pa kapu. Muiwerenge nokha. Ine ndikanati ndiiwerenge pagulu ndikanalira, mphindi zitatuzo n'kuthera pomwepo.

Mayi a mwana