Bulugamu wa Mkamwini

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo ndithu. Dzinja lachiwiri chitisiyireni inu layandikira, ndipo mitambo yayamba kale kutinamiza madzulo.

Ndiyambe ndi zokoma. Mlongo wanga Esinati adachira bwino, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chipumi ndi chanu, ukali ndi wanunso: akafuna bere safunsa kawiri. Chimanga chidachita bwino, mtedza pang'ono chabe chifukwa mvula idadula msanga. Alamu a Gidiyoni, amuna ake a Esinati, adakagulitsa fodya wawo ku Namitete, nabwerako ndi nyali ya galasi ndi madandaulo ambiri. Alangizi akuyendabe m'minda kuyeza mizere ngati adalimapo. Amuna pabwalo akungokamba za chitaganya, boma la azungu lophatikiza maiko atatu. Ine ndikuphunzitsabe ku Kabudula, ndipo sukulu ikatsekera ndimapalasa njinga kubwera kuno kumudzi.

Koma nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya bulugamu wa pakhomo. Tadula, Amayi. Musayambe kukalipa, imvani kaye.

Mbiri yake mukuidziwa kuposa ine. Mudandiuza kuti abambo adabwera nawo m'kachitini kuchokera ku esiteti kumene ankagwira ntchito, ine ndikukwawa. Amalume a Chikuse, achimwene anu, atawaona akukumba dzenje adakalipa mudzi wonse nkumva: "Mkamwini amabzala chimanga, sabzala mtengo! Akufuna mizu yake imugwirire malo?" Inu mudatuluka ndi chipande m'manja nkunena kuti, "Achimwene, zulani ndi dzanja lanu, ine ndikuona." Sadazule. Koma kuyambira tsikulo alamu awiriwa ankangopatsana moni wouma, waulemu wonse, wopanda nthabwala ngakhale imodzi. Ndipo munthu akati mlendo ndi mame, inu munkayankha kuti mame akakhalitsa amasanduka dambo.

Mtengowo udakalamba msanga inu mutapita. Chiswe chidalowa kunsi, bowa wolimba adamera patsinde, nsonga idauma. Ukaugogoda ndi mpini unkalira ngati ng'oma. Choipa kwambiri nchakuti udayamba kupendekera kunyumba ya Esinati. Tsiku lina la mphepo, masana dzuwa lili pamutu, nthambi yaikulu idathyoka nkugwera pakhonde. Idaswa mtondo pakati. Pamphasa pomwe idagwerapo mpamene khandalo lidagona, ndipo Esinati adali atangolinyamula kumene kuti aliyamwitse. Ngati mudaikapo dzanja lanu, zikomo.

Mwina mukufunsa kuti nanga nkhwangwa zidatha m'mudzi? Zidalipo. Chovuta chidali abambo.

Mwambo mukuudziwa: mkazi akamwalira, kumeta kukatha, eni mbumba amamusudzula mkamwini kuti abwerere kwawo. Amalume sadawasudzule abambo. Koma sadawauzenso kuti khalani. Adangokhala chete, abambo nawonso chete, miyezi nkumapita. Tsono aliyense pakhomo ankadziwa kuti tsiku limene munthu adzakhudze bulugamu ndi nkhwangwa, abambo adzamva kuti akuuzidwa kuti nyamukani. Nanga akanapita kuti? Ku Kasiya kwawo onse owadziwa adatha. Otsalawo ndi adzukulu amene amangomva kuti kuli agogo ena ku Namitete. Munthu wa imvi akayambe kupempha malo omanga kanyumba kwa ana osamudziwa nkhope?

Ndidaona chinthu chimodzi chimene ena sadachione. Chaka chino abambo sadamwete udzu. Anzawo onse adaunjika mitolo yofolerera, iwo ayi, pamene denga lawo likuonetsa nyenyezi. Munthu amene samweta udzu ndiye kuti sakuyembekeza kuti mvula idzamupeza m'nyumbamo.

Aliyense adapeza njira yake yozembera. Esinati adasamukira m'khitchini ndi mwana, nkumati kumeneko nkofunda. A Gidiyoni ankauyang'ana mtengowo ndi maso a munthu amene akuona nkhuni zowotchera fodya, koma nawonso ndi akamwini, pakamwa adatseka. Ine, ndi sukulu yanga yonse, ndidabwera ndi nzeru yoti tingosadza nthambi. Abambo adandiyang'ana nati, "Kodi dzino likaola kumizu umalimeta?" Kenako adawonjeza, ndi mawu ofatsa aja amene amapweteka kuposa chipongwe: "Dulani, mwananga. Si wanga. Mkamwini alibe mtengo."

Ndidapita kwa amalume. Ndidawapeza akuluka nkhokwe. Ndidayamba ndi za mvula, za mbuzi, za msonkho, mpaka adaika nsungwi pansi.

"Iwe Lameki, kusukulu kuja adakuphunzitsa kuzungulira ngati galu wofuna pogona? Nena."

"Ndi za bulugamu, amalume."

"Dula. Ndidanena kalekale iwe usanamere mano."

"Nanga abambo?"

"Abambo ako atani? Nawonso alowa chiswe?"

Ndidawafotokozera zonse, za udzu ndi za mawu aja. Kenako adati, "Kodi ine ndidawasudzula? Munthu ndikapanda kumuthamangitsa, sindiye kuti ndamuuza kuti akhale, eti?" Ndidati iwowo akuona ngati mukungodikira tsiku labwino. Amalume adapukusa mutu. "Nkhalamba yopusa," adatero. Sindidafunse kuti akunena iti mwa ziwirizo.

Mawa lake m'mamawa tidangoona amalume akulowa pakhomo, khasu paphewa, m'manja kamtengo ka mango kokulunga m'khungwa la nthochi. Sadapereke moni. Adayang'ana uku ndi uku, nasankha malo kutali ndi nyumba zonse, nayamba kukumba. Amayi, achimwene anu aja, ndi msana wawo uja, kukumba dzenje pakhomo pa mkamwini! Azimayi opita kumadzi adaima ndi mitsuko pamutu. Abambo adali pampando wawo, akuchita ngati sakuona.

Dzenje litakwana amalume adaongoka nati, "Alamu, ine dzanja langa ndi loipa, chimene ndabzala chimauma. Chija mudabzala inu chatisautsa zaka zonsezi osafa. Tabwerani mubzale aka."

Abambo adati, "Mkamwini sabzala mtengo. Ndidamva kwa akuluakulu."

"Mkamwini ndi uyu Gidiyoni," adatero amalume, akuloza ndi mlomo. "Inu ukamwini udakutherani limodzi ndi mano."

A Gidiyoni adaseka mopitiriza muyeso, monga amachitira munthu akatukwanidwa ndi mwini mbumba. Abambo adadzuka pang'onopang'ono, nakatenga kamtengoko, nakayang'ana mizu ngati akugula mbuzi.

"Mango amachedwa kubala," adatero.

"Nanga mukuthamangira kuti?" adafunsa amalume.

Abambo adagwada, nabzala, natsendera dothi ndi zikhatho. Amalume adathira madzi ochuluka kwambiri, abambo nkuwakalipira kuti aoletsa mizu, amalume nkubweza kuti madziwo ndi a chitsime cha makolo awo. Adakangana mpaka dzuwa kutentha. Esinati adalowa m'nyumba kukalira, ine ndidapeza chokonza panjinga yanga.

Bulugamu tidadula Loweruka lotsatira. Woyang'anira ntchito adali abambo eni ake. Adatuma anyamata kumanga zingwe kumtunda, naonetsa mbali yoyambira kutema, nasankha kampata pakati pa nkhokwe ndi khola. Nkhwangwa yoyamba adatema okha. Mtengo utayamba kulira adafuula kuti "Kokani!" ndi mawu amene sindidawamve chichokereni inu. Udagwa momwe adanenamo, osakhudza ngakhale udzu wa khola. M'kati mudali mphako yoti munthu wamkulu nkukhalamo, fumbi ndi chiswe chokhachokha. Tonse tidayang'ana mphakoyo, tidayang'ananso denga la Esinati. A Gidiyoni okha ndiwo adaoneka olira maliro, poona kuti theka la nkhuni zawo lidadyedwa kale.

Pakhomo pano payera tsopano. Masana palibe pothawira, ndipo odutsa pamsewu amationa mpaka m'mbale. Ndikabwera panjinga ndimasochera pang'ono, chifukwa maso adazolowera kuyamba kuona nsonga ija ndili kutsidya kwa dambo. Sindinama, zimandiwawa. Koma Esinati wabwerera m'nyumba mwake, ndipo mphepo ikawomba palibe amene amayang'ana kumwamba. Abambo atchinga kamango kaja ndi minga, ndipo tsiku lonse amakhala pankhondo ndi mbuzi za amalume. Madzulo amalume amabwera kudzaziteteza mbuzizo, nkukhala mpaka chakudya chitawapeza.

Ndikuthokozeni, Amayi, chifukwa cha munthu amene mudatibweretsera m'mudzi muno nkukana kuti azulidwe. Ndikuthokozeninso chifukwa cha achimwene anu. Ndidakula ndikuwayesa mwala, osadziwa kuti ndi munthu amene mawu abwino amamuvuta kutulutsa pakamwa, ndiye amawanyamula paphewa ndi khasu.

Pali chinanso chimene ndidafunsa amalume tili awiri. Ndidati tsiku la abambo likadzafika, kodi tidzawanyamula kupita nawo ku Kasiya monga amachitira ndi akamwini? Adandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Awanyamule ndani, mtunda wonsewo? Nkhalamba yolemera ngati imeneyi?" Ndiye ndikukulonjezani kuti adzagona pafupi ndi inu, ndipo ine ndidzaima pomwepo kuona kuti zatero. Koma musafulumire kuwayalira mphasa, Amayi. Tikuwafunabe kuno.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lameki