Tsiku Loyeza Dzanja

Amayi,

Kumene muliko zikuyenda bwanji? Ine ndikadali ku Doha.

Ndiyambe ndi za kumudzi. Mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, amupatsa dzina lanu. Nandolo munabzala musanadwale uja anakolola, koma anankafumbwe alowamo.

Pali nkhani imene sindinakuuzeni muli moyo. Mwezi umene munagonekedwa m'chipatala, makina ositira nsalu kuhotela kumene ndimagwira ntchito anandikoka dzanja lamanja. Zala zitatu sizipindika mpaka lero. Kuno munthu akavulala pantchito, madokotala a komiti amayamba amuyeza n'kulemba kuti walumala motani, kenako m'pamene chipukuta misozi chimatuluka. Popanda pepala lawolo palibe chimachitika.

Tsiku loyamba limene anandipatsa loti akandiyeze analisintha chifukwa cha Korona, nthawi ija ndege zinaima ine n'kulephera kubwera kumaliro anu. Atandipatsa lina, mnzanga wa m'chipinda anapezeka ndi matendawo, tonse anatitsekera masabata awiri. Ulendo wachitatu ndinalawirira, n'kukhala pafupi ndi chitseko. Paja kuchipatala cha kwathu munkati, "Akaitana dzina uziyankha mokweza, asati unalibepo." Anaitana, ndinayankha. Koma pafayilo analemba kuti lovulala ndi dzanja lamanzere. Ndinatambasula lamanjali patebulo. Kalaliki analiyang'anitsitsa, n'kunena kuti pepala likonzedwe kaye, inshallah, Mulungu akalola, mwezi wamawa. Yapita miyezi isanu.

Panopa anandiika popinda matawulo. Ndimachedwa, koma sanandichotse.

Malamulo kuno asintha. Munthu atha kusiya ntchito, kapena kubwerera kwawo, osapempha chilolezo kwa bwana. Anzanga awiri apita kale kumashopu a ku Msheireb. Nanenso palibe wandimanga, kungoti ndikachoka asanandiyeze, fayilo ija palibe adzaitsatire.

Sabata yatha achimwene anaimba kuti chiliza chanu amanga mvula isanagwe, ndiye ndikakhalepo. Tsiku langa latsopano lili mu Disembala. Ndinawauza kuti amange ine kulibe. Anangodula foni. Sindikuwada, chifukwa za dzanjali nawonso sakudziwa.

Ndiye patsikulo mukaona ana anu atazungulira ine ndikusowa kachiwiri, chifukwa chake n'chimenechi. Akangondiyeza, kaya alembe zotani, ndikwera ndege kudzasesa pamanda panu. Tsache lokha ndimatha kuligwira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lonesi