Chithunzi Chanu Chili Pakhoma ku Lilongwe

Amayi, kaya muli bwanji kumeneko komwe mudapita? Kuno tiliko, koma ine mtima suli m'malo masiku ano. N'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndikuuzeni zonse, monga ndinkachitira muja, inu mukuumba miphika ine ndikukupatsirani madzi.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Nabanda adachira bwinobwino kuchipatala kuno ku Mitundu mvula itangoyamba. Mwanayo ndi wamkazi, tidamutcha Esinati, dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe. Chimanga chaka chatha chidachita, osati ngati chaka cha chilala chija mudatisiya, ndipo nkhokwe idadzaza. Mtedza wokha ndiwo udalowa chiswe. Mlongo wanga Eneresi akadali panyumba panu ku Nathenje. Amuna ake adasiya utenanti kuesiteti ya fodya ija, tsopano akukonza njinga m'mbali mwa msewu waukulu. Khoma lija mudalizira ndi katondo ndi makande lidagumuka pang'ono, koma nkhanga zanu mudajambula pafupi ndi chitseko zikadalipo. Imodzi yokha ndiyo idataya mutu.

Dziko lidatembenuka, Amayi. Zipani tsopano n'zambiri, ndipo makhadi a chipani aja safunsanso pachipata cha msika kapena pokwera basi. Pa wailesi anthu akutchula zinthu zomwe inu munkatitsina nazo tikangoziyamba. Ntchito yanga yolemba zikwangwani idachuluka: magolosale, mometera, zigayo, aliyense akufuna dzina lake pakhoma. Koma kuno kwathu ambiri mitima ikadali kuchipani chakale, ndipo amene ankatiyendetsa aja sadasamuke. Mchere timagula pabenchi imodzi.

Mukukumbukira tsiku la msika lija mudasenza miphika kuchokera ku Nathenje kubwera kuno ku Mitundu, n'kupeza kuti khadi mwaiwala? Ine ndidali pambuyo panu ndi mitsuko iwiri. A Lemani, amene adali mkulu wa anyamata a chipani pachipata paja, adakukhazikani pansi padzuwa pamodzi ndi amayi ena mpaka msika kutha. Mutayesa kufotokoza, adagogoda dengu lanu ndi ndodo, miphika yonse n'kusweka. Simudalire. Mudangotola mapale n'kumanga munsalu, ndipo pobwerera mudandiletsa kuuza aliyense. Mudati, ukayenda uzisiya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Ndidakhala nazo m'mimba zaka zonsezi. Koma titakuikani, ndidayamba kuzijambula pathabwa lalikulu ndi penti wotsala kuzikwangwani. Sindinkafuna kuti wina aone. Ndidajambula chipata, amayi atakhala pafumbi, inu pakati mutagwira mapale, ndi a Lemani ataima ndi ndodo yawo. Nkhope yawo idatuluka yokha. Ngakhale mwana atha kuwazindikira. Thabwalo ndidaliimika kuseri kwa chitseko cha kanyumba kanga kogwiriramo ntchito, nkhope itayang'ana kukhoma.

Ndiye kudabwera mayi wina wochokera ku Lilongwe, a Mwale, kudzalembetsa chikwangwani cha chigayo cha achimwene awo. Pofuna kubisala mvula adakankha chitseko, thabwa lija n'kugwa chagada. Adaliyang'ana nthawi yaitali. Kenako adandiuza kuti amayang'anira nyumba ina mumzindamo momwe amaonetseramo zithunzi ndi zosema, ndipo akusonkhanitsa ntchito za ojambula a kuno kwathu zonena za masiku adapitawa. Ndidakana kawiri. Iwo adati nthawi yobisa idatha. Nabanda adangoti ndichite zomwe mtima wanga ukufuna. Ndidakulunga thabwalo m'masaka, n'kulikweza pamwamba pa minibasi ngati chitseko wamba.

Mukadaiona nyumbayo, Amayi. Makoma oyera ngati a chipatala, pansi poterera, magetsi akuwala masanasana, babu lililonse likuunikira chithunzi chake. Muli zosema za mitengo yakuda, nsalu zojambulidwa, ndi miphika yoikidwa m'magalasi, yomwe kunena zoona siifika pa yanu. Anthu amayenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, kuyankhula monong'ona ngati pamaliro. Ndipo inu muli pakhoma lapakati, moyang'anana ndi khomo. Aliyense wolowa amayamba wakumana ndi maso anu. Pansi pake adamata kapepala kolembapo dzina langa ndi mawu akuti Mitundu. Nditaona kapepalako ndidapempha kuti achotse, koma a Mwale adaseka, amvekere wojambula aliyense amalembedwa dzina.

Sipadapite nthawi, nkhani idafika kuno. Mphunzitsi wina wa kuno adapita ndi ana asukulu kukaona, ndipo ana aja atangolowa adayamba kuloza n'kumatchula dzina la a Lemani. Pofika tsiku la msika aliyense adali atamva. Ena ankandigwira chanza mwamphamvu. Ena adasiya kundipatsa moni. Mwini golosale wina amene tidagwirizana kale kuti ndimulembere khoma adatuma mawu kuti ndisavutike. M'mawa wina ndidapeza chikwangwani cha pakhomo pa kanyumba kanga chitapakidwa oilo wakuda wa galimoto, dzina langa losaonekanso. Ndidachapa ndi palafini anthu akudutsa, ndipo palibe adafunsa chomwe chachitika.

Mantha amene mudatilera nawo aja, ndinkayesa adatha pamodzi ndi makhadi. Ayi ndithu, adangogona. Galimoto ikaima pafupi ndi nyumba ndimasiya kudya. Ndikamapalasa njinga kupita ku Nathenje ndimacheuka paliponse pali tchire. Anthu amati masiku ano munthu sasowanso, koma amene akunena zimenezo amakhala m'tauni, m'nyumba za mipanda. Eneresi adandikalipira. Adati ndakuvulani pagulu, kuti inu mudabisa manyazi anu mpaka kumanda, ine n'kukawapachika pakhoma kuti azungu ndi mabwana aziwaonera. Mawu amenewo adandilasa kuposa oilo uja, chifukwa sindikudziwa ngati akunama. Kodi mudakwiya nane, Amayi?

Sabata yatha a Lemani adabwera okha. Adali masana, ine ndikusakaniza penti, Nabanda atakhala pakhonde akuyamwitsa mwana. A Lemaniwo akalamba tsopano, imvi mbuu, ndipo amagulitsa matumba a fodya kumsika. Adaodira mwaulemu, ndidawapatsa mpando. Chitini cha penti ndidachiika pansi. Adafunsa za mvula, za chimanga, za alamu anga. Kenako adatembenukira kwa Nabanda n'kufunsa kuti Esinati akukula bwanji. Dzina la mwana wanga sindidawauzepo ine.

Adati adakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukadzionera okha, ndipo adaima patsogolo pa chithunzicho mpaka mlonda adawabweretsera mpando. Adatola bulashi yanga imodzi, kuitembenuza, n'kuibwezera pamalo pake. Ndiye adati:

"Mwajambula bwino, a Fanuel. Amayi anu ndi omwewo. Koma mwalakwitsa chimodzi. Ine ndine wamanzere. Ndodo ija idali kudzanja ili."

Adakweza dzanjalo kuti ndilione. Atatero adadzuka, kutsanzika, n'kumapita pang'onopang'ono cha kumsika.

Mpaka lero sindikudziwa chomwe ankatanthauza. Nabanda akuti kudali kuopseza, kundionetsa kuti dzanjalo likadalipo. Abusa nditawafotokozera adati mwina ndi mmene munthu wouma mtima amavomerera tchimo lake. Ine ndidaona nkhope yawo pafupi, koma sindidawerengepo kanthu. Munkanena kuti mphika wosweka mkati umadziwika pougogoda, koma uyu ndidalibe pomugogoda.

M'mawa mwake ndidaperekeza Nabanda ndi mwana kwa Eneresi ku Nathenje kuti akakhaleko kaye. Ine ndidapitirira ku Lilongwe ndi masaka aja, nditatsimikiza kuti ndikachotse chithunzicho, ndikachiotche, tikhale pamtendere. A Mwale sadandikanize. Adati ndi changa, ndipo adanditengera makwerero. Ndidaima patsogolo panu masaka ali m'manja. Ndidayang'ana nkhope yanu, mapale aja, kenako dzanja lamanja la a Lemani litagwira ndodo. Ndidatseka maso kuti ndikumbukire tsikulo bwinobwino: dzuwa lidali kuti, dengu lidali mbali iti, ine ndidaima pati. Amayi, a Lemani adanena zoona. Ndodo idabwera kuchokera kumanzere. Zaka zonsezi ndinkaiona molakwika, koma iwo sadaiwale. Mwa anthu onse amene adaona chithunzicho, amene ankalikumbukira tsikulo kuposa ine ndi iwowo.

Sindidachichotse. Ndidapita kukagula timabotolo tiwiri ta penti ndi bulashi yaing'ono, ndidapempha a Mwale kuti atseke chitseko kanthawi. Ndidafufuta ndodo kudzanja lamanja, ndidaijambula kumanzere. Mzere woyamba udakhota, ndidapukuta n'kuyambanso. Pomaliza a Lemani adaoneka enieni kuposa kale. Ndidatuluka mmenemo mantha atawonjezeka, osati kuchepa, koma masaka ndidawasiya komweko.

Tsopano ndili ndekha kuno ku Mitundu. Chitseko ndimachitsekera ndi mpini wa khasu. Dzulo ndidawaona a Lemani kumsika, adandikwezera dzanja, ine ndidakweza langa. Kaya amva kale zomwe ndachita, kaya sadamve, sindikudziwa. Chithunzicho chikhala pakhoma paja mpaka anthu atakolola, kenako akuti chipita ku Blantyre.

Ngati kumeneko mumatha kupempherera otsala, mukumbukire Esinati ndi amake. Ine musandidere nkhawa kwambiri, ndikudya ndithu. Mvula ikangosiya ndibwera ndi Eneresi kudzalambula pamanda panu, ngakhale atandikwiyirabe, ndipo mtanda uja dzina lidafufutika ndidzaulembanso ndi penti wabwino wosasuluka. Mwanayo ndidzabwera naye kuti mudzamuone.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanuel