Ufa Wachikasu Wapeza Envelopu

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu. Kaya chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tilipo. Bondo langa likadali ndi mwano wake m'mawa, koma dzuwa likakwera limandimvera.

Ukudziwa kuti pa foni sinditha kulankhula. Ndimangoti eya, eya, mpaka mayunitsi atha. Munthu amene anakalambira ku positi ofesi mulekeni alembe. Ndiye khala pansi, Phuma, uwerenge mpaka kumapeto. Ndakutchula dala dzina limene anakupatsa mayi ako, kuti usathamange.

Nkhani ndi ya mlongo wako. Wapambana. Sabata yatha akuluakulu a ku yunivesite anamuimika kutsogolo n'kumupanikiza ndi mafunso m'mawa wonse, ndipo pomaliza anadzuka onse kudzamugwira chanza. Ntchito yake ya kafukufuku aivomereza. Ine ndinalipo, nditavala jekete lija mayi ako ankati limandionetsa ngati wogulitsa inshulansi.

Ndikudziwa kuti ukamva za mlongo wako nkhope imagwa. Chiikireni mayi ako m'manda simunalankhulane. Sindinalowererepo, poti nanenso mtima unali ndi katundu wake. Koma zimene ndaonazi sindingakhale nazo ndekha.

Ukukumbukira botolo lija unatumiza mayi ako atadwalika, la ufa wachikasu wochokera ku mizu ya chomera? Unati anthu kumeneko akuutama kuti umalimbana ndi khansa. Mlongo wako anakaniza kuti asamwe, ati ungasokonezane ndi mankhwala a kuchipatala. Iwe unamulasa ndi mawu aja pakhonde, oti sukulu yamuumitsa mtima ndipo wamana mayi ake mwayi wotsiriza. Iye analowa m'nyumba n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale.

Ine ndinkayesa botololo linatayidwa. Ayi ndithu. Analitenga n'kupita nalo kuntchito kwake.

Lisanafike tsiku la mafunso, ananditengera ku labu kumene amagwirako ntchito, ati sakufuna bambo ake akakhale mu holo ngati mlendo pa mlandu wa eni. Ndi chipinda chozizira, choyera mbee, mafiriji akungolira mmm. Anandiveka chikhothi choyera ndi magolovesi amene anakana kulowa zala zanga, n'kundilamula kuti ndisakhudze kanthu. Ndinaika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu pa mzere.

Mnzake wa ntchito, mayi wamtali amene amamutcha Mayi Firiji chifukwa ndiye amasunga makiyi ake, anandifunsa ngati ndine amene ndinaphunzitsa mwanayu makani. Ndinati ayi, amenewo ndi a kuchikazi, ine ndinangomupatsa mphuno.

Kenako mlongo wako anatulutsa timabotolo tiwiri. M'koyamba munali madzi ndi ufa uja. Anakhutchumula, ufa n'kuyandama pang'ono, kenako wonse n'kudikha pansi. Ati ufawu susungunuka m'madzi ngakhale uupembedze. Anandiuza kuti chimene chili mu ufamo chimaphadi maselo a khansa, tizigawo ta thupi tija timachulukana mopanda mwambo, koma chimatero akachithira pa maselowo mwachindunji m'kambale. Munthu akamwa, wambiri umangodutsa m'mimba n'kutuluka. Wochepa umene walowa m'magazi, chiwindi chimauphwanya usanafike pa chotupa. Ukati uchulukitse, walemetsa chiwindi, ndipo cha mayi ako chinali chitatopa kale ndi madiripi. N'chifukwa chake anakaniza.

Ndinamufunsa kuti nanga ufa wotero uli ndi ntchito yanji. Anaseka, kuseka kwa mayi ako kwenikweni, n'kundibwezera funso. Ati inu bambo, kalata yopanda envelopu ndi keyala, munthu ataiponya m'bokosi, imafika? Ndinati imathera m'dengu la pakona, ngakhale mawu ake akome bwanji. Ati basi, ntchito yake ndi yomweyo, kupanga maenvelopu.

Maenvelopu akewo ndi timipira ta mafuta, tating'ono zedi, moti mazanamazana tingandandalike m'mimba mwa tsitsi limodzi. Mkati amaikamo mankhwala a mu ufa uja. Kunja amamatako kanthu kamene kamazindikira khomo la selo lodwala, ndiyo keyala yake. Luso limeneli akuti ndi nanotekinoloje. Ndinayesa kutchula, lilime linakana, Mayi Firiji n'kunena kuti ndisadandaule, nayenso linamutengera chaka.

Kabotolo kachiwiri kanali ndi mankhwala omwewo atalowa m'maenvelopu. Madzi ake anali achikasu kuyambira pamwamba mpaka pansi, opanda nsenga. Ndinakayang'ana nthawi yaitali.

Kenako mlongo wako anatseka makatani n'kuyatsa kompyuta yolumikizidwa ku makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Panaoneka maselo, odwala mbali ina, abwino mbali ina. Odwalawo anali kuwala mobiriwira, ati ndi mankhwala amene alowa mkati. Abwino ambiri anali zii, osakhudzidwa. Mwana wanga, ndinaona makalata atafika pa makomo ake.

Ndinakumbukira mmene mankhwala a kuchipatala ankamenyera thupi lonse la mayi ako, tsitsi kuthothoka, pakamwa zilonda, chakudya osachifuna. Ndinavula magalasi n'kunena kuti kuzizira kwa m'chipindamo kwandilowa m'maso. Mayi Firiji anati inde, kumatero ndi anthu ambiri, n'kundipatsa mpando.

Mlongo wako anandionetsanso timakoswe toyera timene amayeserapo. Timene tinabayidwa jakisoni wa maenvelopu, zotupa zake zinaphwa, ndipo tinali kudya ndi kuthamanga m'makola mwake ngati palibe chinachitika. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzasangalala kuona khoswe wonenepa.

Koma ndisakunamize. Mlongo wako wandichenjeza kuti ndisapite ndikulengeza kwa aneba kuti mankhwala a khansa apezeka. Khoswe si munthu. Ati patsala zaka zoyesa ndi kuyesanso, ndipo mwina njira ina idzakanika. Chimene chachitika n'chakuti khomo latseguka, ndipo amulola kupitiriza.

Tsiku la mafunsolo, mkulu wina wadazi, wa magalasi pamphuno, anamufunsa kuti nanga maenvelopu ena akasochera? Ku positi funso limenelo linkatithawitsa tonse. Iye sanagwedezeke. Anati enadi amasochera n'kukathera m'chiwindi, naonetsa kuchuluka kwake osabisa, nafotokoza chimene akufuna kukonza. Mkuluyo anayang'ana anzake n'kugwedeza mutu. Ndinamva akunong'oneza mnzake kuti uyu ndiye ayi, sagwidwa.

Tsopano imva chimene ndalembera kalatayi.

Chithunzi chotsiriza chimene mlongo wako anaonetsa pakhoma sichinali cha maselo kapena makoswe. Chinali cha botolo lako, chivindikiro chitasweka mbali imodzi, ndi kapepala kaja unamatapo ndi dzanja lako kuti amayi azimwa supuni imodzi m'mawa. Anauza holo yonse kuti funso la ntchito yake silinachokere m'buku, linachokera kwa achimwene ake. Ati achimwene ake anakhulupirira kuti m'chomeramo muli mphamvu, ndipo sanalakwe. Iye ankadziwa kuti mphamvuyo singafike pofunikira, ndipo nayenso sanalakwe. Chimene chinasowa pakati pawo ndi envelopu, koma amayi analibe nthawi yodikira.

Kenako anthu anaomba m'manja, ine manja anga anangokhala pa maondo. Anakana kunyamuka.

Pobwerera m'basi mlongo wako anangoti achimwene akanakhalapo akanamufunsa funso lovuta kuposa la adazi aja, n'kutembenukira kuwindo.

Sindikuti iwe unalakwa kapena iye analakwa. Nonse munali kukoka mayi anu kuti asapite, wina dzanja ili, wina dzanja ilo. Mawu a pakhonde aja anali a chisoni, ine ndinadziwa tsiku lomwelo. Koma mlongo wako wawasenza nthawi yonseyi, ndipo taona chimene wawasandutsa.

Mwezi wa mawa akukalandira digiri yake. Aliyense amupatsa mipando iwiri ya abale. Umodzi ndi wanga. Winawo Mayi Firiji anaupempha, mlongo wako n'kumuyankha kuti uli ndi mwini wake. Sanatchule dzina, ndipo sanakuitane, poti makani a kuchikazi aja nonse munagawana mofanana. Ndiye ndikukuitana ndine.

Bwera, mwana wanga. Ulendo ndi wautali, ndikudziwa, ndipo ntchito siyophweka kuisiya. Ukalephera ndithu, muimbire, angomva mawu ako. Sindinakupemphepo kanthu chimwalirireni mayi ako. Ichi chokha ndikupempha.

Moyo wanga wonse ndinkapereka makalata a anthu osadziwa zimene zili mkati. Iyi yokha ndikudziwa, ndipo keyala ndalemba ndekha. Isathere m'dengu la pakona.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, ndipo uwauze kuti sweta ija ikundithandiza. Adzukulu uwauze kuti agogo awo anavala chikhothi cha madokotala ndipo sanaswe kanthu. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mphamvu ndi mtendere.

Ndine bambo wako.

Nambala ya mlongo wako sinasinthe. Ndi yomwe ija.